Za pa Tebulo la Mabalane: Poloni ndi Wodwala Khansa

Sabata ino ndifuna ticeze za poloni. Ndidziwa kuti ena museka, muti mabalane wasowa nkhani ndipo wayamba kulemba za ndiwo. Koma taimani pang'ono. Masiku ano ndi ocepa pakati pathu amene alibe mbale wodwala khansa. Wina mkazi wace ali pa mankhwala ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, wina amai ace amapita ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, wina mnzace wa m'cipinda cimodzi wagonekedwa ku Charlotte Maxeke kuno ku Joni. Ife amuna sitidziwa kudwazika. Cimene tidziwa ndico kutumiza ndalama ndi kunyamula kaphukusi ka zakudya pokaona wodwala. Tsono nkhani yanga iri pa kaphukusi kameneko, cifukwa ziripo zakudya zimene ife a mphamvu timadya tsiku ndi tsiku osamva kanthu, koma zikhoza kupha munthu amene alikulandira mankhwala a khansa.

Amene munali kuno mu 2017 ndi 2018 mukumbukira bwino. Ine nthawi imeneyo ndinali ndikali kwathu, ndipo ndinangomva pa wailesi kuti boma laletsa masoseji ocokera ku South Africa. Nkhani yace inayamba motere. Mu July 2017 madotolo a m'mawodi a makanda pa cipatala ca Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndi ca Steve Biko ku Pretoria anaona kuti ana obadwa kumene alikudwala nthenda ina, dzina lace listeriosis, kuposa masiku onse. Kale m'dziko lonse la South Africa anali kupeza odwala nthendayi 60 kufikira 80 pa caka. Madotolowo anadziwitsa a National Institute for Communicable Diseases, ndilo bungwe loyang'anira matenda ofalikira, limene mwacidule amati NICD. Pa 5 December 2017 Nduna ya za Umoyo, Dr Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti m'dziko mwagwa mliri, ndipo odwala anali atakwana kale 557. Koma cakudya cimene cinali kudwalitsa anthu panalibe wocidziwa. Anthu anadya Khrisimasi ali ndi mantha, ena kukaikira madzi, ena kukaikira nkhuku.

Mufunsa kuti, nanga anthu ophunzira cotero analephera bwanji kupeza msanga? Cifukwa cace ndi ici. Munthu akadya ndiwo zosasa m'mimba mumatseguka usiku womwewo, ndipo aliyense aloza mphika. Koma kacirombo ka listeriosis kakhoza kukhala m'thupi sabata ziwiri, zitatu, nthawi zina kufikira masiku 70, munthu asanagwe. Tsono yesani kufunsa mnzanu cimene anadya mwezi wathawu pa Laciwiri. Sadzakumbukira ai. Ndipo odwala ambiri anali makanda osalankhula, ena anali atafa kale. Komabe ofufuza anayenda m'zipatala kufunsa odwala ndi acibale ao, mmodzi mmodzi, ndipo mwa anthu 109 amene anafunsidwa, 93 anati anadya nyama zogula zophikaphika, makamaka poloni.

Umboni weniweni unacokera kwa ana. Mu January 2018 ana 9 osakwana zaka 5, onse a pa sukulu imodzi ya mkaka ku Soweto, anafika nao ku Baragwanath atatentha thupi ndi kutsegula m'mimba. Dotolo wa ana anakaikira cakudya, ndipo a za umoyo anathamangira ku sukuluko nakatenga poloni imene inali m'furiji. M'poloniyo anapezamo kacirombo. Tizirombo timeneti tiri ndi mafuko, ndipo fuko liri lonse liri ndi cizindikiro cace, monga cidindo ca cala cimene timadinda pa kontrakiti, cimene sicifanana ndi ca munthu wina. Fuko la mliri uwu analicha ST6. Analipeza m'magazi a odwala ambiri, analipeza m'poloni ya ku sukulu ya mkaka, ndipo atalondola mapazi ace analipezanso m'fakitale ya Enterprise Foods ku Polokwane, imene inali ya kampani ya Tiger Brands. Pa 4 March 2018, tsiku la Sabata, Nduna inachula dzina la fakitaleyo poyera. M'mawa mwace anthu anali pa mizere m'masitolo kubweza poloni, ndipo maiko oyandikana, monga Malawi, Zambia ndi Mozambique, anatseka malire ao ku nyama zotere. Pamene boma linalengeza pa 3 September 2018 kuti mliri watha, odwala otsimikizika anali 1,060 ndipo akufa odziwika anali 216. A World Health Organization anati mliri wa listeriosis waukuru cotere sunalembedwepo kwina kuli konse.

Ofedwa anapita ku khoti, ndipo loya wao mmodzi ndi Richard Spoor, yemwe uja anamenyera a m'migodi ya golide pa mlandu wa pfumbi la m'mapapo umene unatha ndi cigwirizano ca R5 biliyoni mu 2018. Mlandu wa poloni wayenda pang'onopang'ono ngati kamba. Mu 2025 kampani inanena kuti iri yokonzeka kulipira ena mwa odandaula, koma yosabvomera kuti inalakwa. Za makhoti ndizisiye pamenepa, pakuti si nkhani yanga lero.

Cimene ndifuna muone ndi ici. Anthu amene anadya poloni miyezi imeneyo anali mamiliyoni. Ana a sukulu anali kuidya m'buledi, anyamata a pa shifiti anali kuidya mu kota pamodzi ndi chipisi ndi acha. Koma odwala kwambiri anangopitirira cikwi cimodzi pang'ono. Kunena kwina, kacirombo aka kamasankha. Mwa odwala khumi ali onse, pafupifupi anai anali makanda osakwana mwezi, amene anatenga nthendayi kwa amai ao akali m'mimba kapena pobadwa. Otsalawo ambiri anali amai apakati, nkhalamba, anthu a HIV, a shuga, a impso, ndi a khansa. Mwamuna wa mphamvu wogwira jekihama akhoza kumeza tizirombo timeneti nangomva m'mimba kupota tsiku limodzi, kapena osamva kanthu konse. Koma mwa munthu wofooka kacirombo kamaboola matumbo, nikalowa m'magazi, nikakwera ku ubongo kukayambitsa nthenda youmitsa khosi. Mwa odwala otere, mmodzi mwa anai kapena asanu amafa ngakhale ali m'cipatala. Ku England atawerenga odwala listeriosis a zaka za 1999 kufikira 2009, anapeza kuti pakati pa amene sanali apakati, odwala khansa ndiwo anacuruka, makamaka a khansa ya m'magazi. Ndipo mu 2019 komweko odwala 9 ogonekedwa m'zipatala anaitenga nthendayi m'masangweji opatsidwa m'cipatala momwemo, ndipo ambiri a iwo anafa.

Kacirombo kameneka kali ndi makhalidwe acilendo. Kamakhala m'dothi, m'madzi ndi m'ndowe za ziweto. Tizirombo tambiri tikalowa m'furiji timagona tulo, koma aka kamaswana ngakhale pozizira madigiri 4. Mcere sikauopa. Ndiponso sikasintha pfungo, mtundu kapena kukoma kwa cakudya, kotero kuti mphuno, imene makolo athu anali kuidalira poyesa ndiwo, pano siithandiza. Cimene kamaopa ndi moto basi: cakudya cikapsa kufikira m'kati, kupitirira madigiri 70, kamafa. Poloni imaphikidwa ndithu ku fakitale, koma kacirombo kamaipeza itaphikidwa kale, poiziziritsa, poidula ndi poikulunga. Pambuyo pace ikhala masabata m'furiji ya sitolo ndi ya kunyumba, kacirombo kali kuswana, ndipo ife tingodula ndi kudya osaiikanso pa moto.

Ndikuuzeni kanthu kena kamene kanandiseketsa. Dzina lakuti Listeria linaperekedwa konkuno ku Johannesburg. Woyamba kulemba za kacirombo aka anali Murray ndi anzace ku Cambridge mu 1926, atakapeza mwa akalulu. Koma mu 1927 dotolo wina wa ku Scotland, Harvey Pirie, amene anali kugwira nchito ku South African Institute for Medical Research, anakapezanso mu mbewa za m'chire zimene zinali kufa ku Orange Free State, pa malo amati Tiger River. Mu 1940 iye ndiye anakacha Listeria, polemekeza Joseph Lister, dotolo wa opareshoni amene anaphunzitsa anzace kupha tizirombo pa zironda. Nyumba imene Pirie anali kugwiramo nchito inakhazikitsidwa mu 1912 ndi boma pamodzi ndi eni migodi, makamaka cifukwa ca cibayo cimene cinali kupha agogo athu m'makomponi, ndipo mbali yace ina ndiyo inalowa mu NICD ya lero. Tsono onani: Tiger River mu 1927, Tiger Brands mu 2018. Palibe ubale pa maina awiriwa, angofanana cabe. Ndipo inu anzanga okonda mbewa musadandaule, mbewa zathu timawiritsa ndi kuwamba.

Tsopano tibwere kwa wodwala khansa, kuti timve cifukwa cace iye ali pa ngozi yoposa ife. Mankhwala a khansa opita m'mitsempha ndi diripi, amene ku cipatala amati kemo, nchito yace ndi kupha timbewu ta thupi timene tiswana msanga, pakuti khansa imakula cotero. Koma mankhwala alibe maso. M'thupi muli malo enanso amene aswana msanga mwa cibadwa: mizu ya tsitsi, khungu la m'kamwa ndi la m'matumbo, ndi mafuta a m'mafupa mmene mupangidwa magazi. Ndico cifukwa cace tsitsi limathothoka, m'kamwa mumaturuka zironda, m'mimba mumatseguka, ndipo asilikari a m'magazi, aja oyera olimbana ndi matenda, amacepa. Tsitsi ndilo timaona ife ndi kumva nalo cisoni, koma tsitsi silipha munthu ndipo limameranso. Coopsa ndi cimene sitiona. Mu 1966 dotolo wa ku America, Gerald Bodey, anasonyeza mwa odwala khansa ya m'magazi kuti asilikari amtundu wina, amene amati neutrophil, akamatsika, matenda oopsa amakwera, ndipo akatsika pansi pa 500 m'kadontho kamene amayesa, ngozi imakula kwambiri. Asilikari amenewa satsika tsiku la diripi ai. Pa mankhwala ambiri amafika pansi penipeni pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 cilandirire diripi, nthawi imene wodwala ali kale kunyumba, kusanza kwaleka, ndipo acibale ayamba kunena kuti wapezako bwino. Kuonjezera apo, odwala ambiri amapatsidwanso mapiritsi monga prednisone ndi dexamethasone, amene athandiza ndithu koma afoketsanso citetezo ca thupi. Tsono mpanda wa matumbo uli ndi zibowo, ndipo alonda acepa. Kacirombo kangolowa ngati fisi m'khola losatseka.

Apa ndi pamene pali msampha, ndipo oyamba kuuona ndi anamwino, cifukwa iwo ndiwo amakhala pambali pa kama pamene mbale ya cakudya ibwera ndi pamene ibwerera yosakhudzidwa. Munthu wa zironda m'kamwa sangathe kutafuna nyama yootcha kapena kumeza nsima yotentha. Munthu wa mseru akangomva pfungo la mphika wowira, m'mimba mumatembenuka. Ambiri amanena kuti nyama imamveka ngati citsulo m'kamwa. Tsono wodwala amapempha cakudya cofewa, cozizira, copanda pfungo, ca mcere pang'ono. Nanga cakudya cotero ndi citi m'sitolo? Ndi poloni, ndi vienna, ndi hamu yodulidula. Ndipo mwamuna wacikondi, poona mkazi wace wakana zonse masiku atatu, akamva kuti walakalaka poloni, amathamanga ndi cimwemwe kukagula yaikuru. Sindimnena munthu ameneyu. Wacita mwa cikondi, koma palibe amene anamuuza.

Ife ambiri tiyesa kuti namwino ndi wobaya jekeseni ndi wokalipira ocedwa pa mzere basi. Sitidziwa kuti alipo anamwino amene nchito yao ndi kufufuza, kuyesa njira iyi ndi iyo pa odwala mazana, kulemba ndi kuwerengera, monga ine ndiwerengera mashifiti. Mmodzi wa iwo ndi Marylin Dodd wa ku University of California ku San Francisco, amene anatha zaka zambiri kuphunzira mmene odwala khansa angadzisamalire okha kunyumba. Mu 2000 iye ndi anzace analemba za odwala 200 a zironda za m'kamwa zobwera ndi kemo. Anawagawa patatu. Ena anapatsidwa mankhwala otsukira m'kamwa amati chlorhexidine, ena anapatsidwa msanganizo wa mankhwala atatu umene madotolo anali kuukhulupirira kwambiri, ndipo ena anapatsidwa madzi a mcere ndi soda cabe. Zironda zinapola pa nthawi yofanana m'magulu onse atatu. Abale, soda ameneyu ndi yemwe uja amai athu amathira mu therere. Muyeso umene anamwino ambiri amaphunzitsa ndi supuni yaing'ono imodzi ya mcere ndi imodzi ya soda mu lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira. Wodwala acukuce m'kamwa kangapo pa tsiku ndi kulabvula. Ine nkhani imeneyi imandikondweretsa koposa, cifukwa namwino wa ku dziko lolemera anabvutika zaka kuti atsimikize kuti cinthu cochipa cigwira nchito mofanana ndi codula. M'kamwa mukakhala bwino, wodwala akhoza kudya zakudya za pa moto, ndipo poloni saifunanso kwenikweni.

Koma mantha nawonso ali ndi bvuto lace. Madotolo atamva za Bodey, zipatala zambiri za ku America ndi ku Ulaya zinaika lamulo lolimba: wodwala wocepa asilikari asadye kanthu kali konse kosaphika. Lalanje ai, apozi ai, tomato ai, kabici wosaphika ai. Lamuloli linakhala zaka makumi angapo, ndipo linali kuoneka la nzeru, koma panalibe amene analiyesa bwino kuti aone ngati lipulumutsa anthu. Anamwino ndiwo anali kuona odwala alikuonda, cakudya cabwerera, munthu alikulira cipatso cimodzi cokha. Pa M. D. Anderson Cancer Center ku Houston, namwino wina wofufuza, Alison Gardner, pamodzi ndi madotolo anaganiza zoliyesa. Anatenga odwala 153 a khansa ya m'magazi olandira mankhwala amphamvu kwambiri. Mwa maere, 78 anadya zophika zokhazokha, ndipo 75 analoledwa zipatso ndi masamba osaphika otsukidwa. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2008. Odwala matenda akuru anali 29 pa 100 ali onse mwa odya zophika, ndi 35 pa 100 mwa odya zosaphika, kusiyana kocepa kumene owerengera anati kukhoza kungocitika mwa mwai. Ndipo imfa sizinasiyane. Kuyambira pamenepo zipatala zambiri zasiya lamulo lakale lija, ndipo m'malo mwace ziphunzitsa ukhondo wa cakudya ndi kupewa zakudya zocepa zodziwika kuti ziri ndi ngozi.

Pano ndiike ganizo langa, ngakhale ine ndine mabalane wa sukulu ya mishoni cabe. Odwala a Gardner anali m'zipinda za mpweya wosefedwa, anali kumwa mankhwala oteteza, ndipo zipatso zao zinatsukidwa ndi madzi a mpopi a ku Houston. Madzi a pa citsime ca kwathu m'nyengo ya dzinja si omwewo ai. Cotero sindinganene kuti wodwala wa kumudzi adye saladi ya pa msika cifukwa ca zimene anapeza ku America. Koma phunziro lace likhoza kuoloka nyanja. Musammane wodwala zipatso. Nthoci, malalanje, manaces, papaya, mango, zonse zosenda ndi zabwino, mutatsuka kunja kwace ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndi kusenda ndi manja osamba ndi sopo ndi mpeni woyera. Masamba athu, nkhwani, bonongwe, cisoso, timaphika kale, palibe mlandu. Ndamvapo acibale ena akuletsa wodwala nthoci ndi lalanje poti nzosaphika, koma nabwera ndi poloni poti yacokera m'sitolo ya azungu ndipo iri m'pepala lokongola. Apa zinthu zatembenuzika, mutu pansi miyendo m'mwamba.

Zoyenera kuziopa nzocepa, ndipo munthu akhoza kuzisunga pamtima. Nyama zonse zogula zophikaphika zodyedwa zozizira, wodwala asadye nthawi yonse ya mankhwala ace, kufikira a cipatala atanena kuti thupi labwerera. Ngati walakalaka ndithu ndipo sakudya kanthu kena, iduleni mopyapyala ndi kuikazinga kapena kuiwiritsa kufikira ituruke nthunzi m'kati, ndipo adye nthawi yomweyo. Mkaka wa m'khola uwiritsidwe. Cambiko copangira kunyumba ndi mkaka wosawiritsa asamwe, koma amasi ndi cambiko ca m'sitolo copangidwa ndi mkaka wophika ku fakitale cikhoza kumwedwa cikali catsopano. Dzira liwire kufikira cikasu ca m'kati cilimbe. Nkhuku isakhale ndi magazi pa pfupa. Za kanyenya ndi chipisi za m'mbali mwa mseu, zimene zakhala pa ciwaya kuyambira m'mawa nchenche ziri kutera, sindifuna ndi kunena komwe.

Nanga wodwala wokana zotentha ticite naye bwanji? Phikani mokwanira, bvundikirani, cizizire pang'ono kunja kwa cipinda cace kuti pfungo lisamfike, ndipo adye pasanathe maora awiri. Phala, mbatata yophika yofinya, mpunga wofewa, dzira, nsomba yocotsa minga, pang'ono pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, osati mbale yodzaza imene ingomuopsa. Mkute ndiwo ubvuta. Kwathu nsima yotsala sitaya, ndipo ife tonse tinakula ndi mkute wa m'mawa. Koma mkute ndi ndiwo zogona zipite kwa a mphamvu, wodwala amphikire zatsopano, ngakhale kamphika kakang'ono. Inu amai amene mudikira odwala pa zipatala za ku Malawi, ophika pa mafuwa kuseri kwa wodi, ndidziwa kuti nkhuni ndi makala nzodula ndipo kuphika kawiri nkobvuta. Ngati simungathe, ndiye ndiwo zogonazo ziwirenso kufikira zibwadamuke, osati kungozifunditsa.

Furiji musaikhulupirire kopambana. Ambiri a ife tinaigula ndi thukuta ndipo tiiyesa sing'anga woletsa zoipa zonse. Koma taona kale kuti kacirombo aka kamakula m'menemo, ndipo magetsi akazima maora angapo tizirombo tina tonse timadzukanso. Nyama yaiwisi ikhale pansi m'mbale yotseka kuti madzi ace asadonthere pa zakudya zina. Mpeni umene wadula poloni ya ana usadule buledi wa wodwala usanatsukidwe. Pa nthawi ya mliri a NICD analangiza anthu kutsuka mafuriji ndi madzi a sopo, kenaka ndi supuni yaing'ono imodzi ya blichi, monga Jik wosanunkhiritsa, mu lita imodzi ya madzi. Malangizo amenewo akali abwino m'nyumba iri yonse mmene muli wodwala khansa kapena mai wapakati.

Tsopano cacikuru koposa. Gulani temometa, mtengo wace sufika pa mtengo wa mabotolo ocepa a mowa. Munthu amene ali pa kemo thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera, kusokonezeka mutu, kapena kuuma khosi, apite ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ngakhale tsiku la Sabata. Musampatse Panado kuti muone m'mawa, pakuti Panado angobisa kutentha pamene tizirombo tiri kucuruka m'magazi. Musangoti ndi malungo ndi kugula mankhwala pa kantini. Malungo akhoza kukhalapodi, koma akayese a cipatala. Lamulo limene anamwino a khansa amaphunzitsidwa ndi lakuti wodwala wotere alandire mankhwala opha tizirombo m'mitsempha pasanathe ora limodzi cifikire. Tsono pofika pa khomo musakhale cete pa benci kudikira mzere mwaulemu monga tinazolowera. Turutsani khadi la ku kiliniki ya khansa, nenani kuti, "Amai awa ali pa kemo, analandira diripi tsiku lakuti, ndipo atentha thupi."

Ndipo nenaninso zimene anadya, ngakhale asanakufunseni, ngakhale mucite manyazi. Ici si mwambo cabe. Mankhwala ena amene madotolo amayamba nao pa matenda a m'magazi ndi oumitsa khosi, monga ceftriaxone, amapha tizirombo tambiri koma Listeria samugwira. Iye afuna ampicillin. Dotolo akamva kuti wodwala anadya poloni, hamu kapena mkaka wosawiritsa m'miyezi iwiri yapitayo, adzaganiza za kacirombo aka ndi kuonjezera mankhwala oyenera tsiku loyamba, m'malo modikira masiku awiri kapena atatu kuti magazi abwere kucokera ku labotale. Namwino akatenga pepala nayamba kufunsa za sitolo imene munagula ndi dzina la pa pepala lokulungira, muyankheni bwino. Mafunso otere ndiwo anafikitsa ofufuza ku Polokwane.

Potsiriza, kanthu kamodzi ka pa tebulo langa. Amuna ambiri amabwera kudzalembetsa chuthi kuti akakhale ndi mkazi kapena kholo pa tsiku la diripi, ndipo pakutha masiku atatu kapena anai abwerera ku nchito mtima uli pansi. Ndimvetsa, pakuti tsiku la diripi ndilo lioneka loopsa. Koma tsiku limenelo wodwala ali m'manja mwa anamwino. Masiku amene afuna munthu wokhala naye usiku, woyang'ana temometa, wodziwa kumene kuli galimoto ndi wokhala ndi ndalama ya petulo m'thumba, ndi a sabata yaciwiri. Ngati masiku anu a chuthi ndi ocepa, funsani sisita wa ku kiliniki kuti pa mankhwala amene wodwala wanu alandira, asilikari adzatsika liti, ndipo mubwere kwa mabalane ndi masiku amenewo.